Lendi ya Miyezi Iwiri

Lolemba, 3 Malichi

Zotsatira zafika. Alamu aimba ndili mkati moyesa kasitomala maso. Magazi anga agwirizana ndi a achimwene. A mng'ono wanga ayi, a asuweni awiri aja ayi. Anga okha. Mwa anthu onse, ine.

Khansa ya m'magazi. Madokotala akunjako akuti chatsala ndi kuwapatsa mafuta a m'mafupa a m'bale wawo, ndipo m'baleyo akhale atafika pofika pakati pa Epulo. Alamu akulira, mawu akudukaduka. "Mulungu wasankha inu, alamu." Ine ndangoti chabwino. Ndabwerera kwa kasitomala, ndamuwerengetsa mzere umodzi womwewo katatu.

Bambo a Phwiti, nditawauza: "Amati chibale ndi fupa, koma sindinkadziwa kuti amachita kubwera kudzalitenga fupalo." Ndaseka. Kenako ndalowa kubafa, ndatsegula mpopi kuti asandimve.

Ine ndi achimwene, zaka zisanu ndi chimodzi osalankhulana bwinobwino. Kameseji kamodzi pachaka. Muli bwanji. Tili bwino. Basi.

Lachitatu, 5 Malichi

Pasipoti ilipo, yatsala ndi zaka zinayi. Kalata ya chipatala yafika pa imelo, masamba awiri. Abwana andilola miyezi iwiri, theka la malipiro. Andiyang'ana ngati ndine ngwazi. Manyazi.

Nthawi ya nkhomaliro ndapita kwa a Kazembe. Si kazembe weniweni. Bambo wa kashopu ka intaneti kuseri kwa banki, amene amalembera anthu mafomu a viza. Dzinalo anawapatsa chifukwa amalankhula ngati dziko lakunjalo ndi munda wa amalume awo. Makompyuta anayi, fani yakufa, tayi yofiira tsiku lililonse.

Mafunso ambirimbiri. Dzina la amayi, dzina la abambo, kumene ndinakhalako. Zonse myaa mpaka funso la 41. Kodi khoti lililonse la m'dziko lawo linagamulapo nkhani yokhudza inu, kuphatikizapo nkhani za ngongole? Timabokosi tiwiri. Inde. Ayi.

A Kazembe anali ataika kale kamuvi pa Ayi. Ndawagwira dzanja. "Mayi, pamenepa sitiimapo, ndi podutsa chabe." Ndati ndibwera tsiku lina, ndaiwala chikalata. Bodza loyamba, ndipo fomu sindinatumize n'komwe.

Mayi Makiyi. Zaka zonsezi sindinawaganizepo. Lero sakuchoka m'mutu mwanga.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndilembe kamodzi, mwina mutu upepuka.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Kosi ya miyezi khumi yoyesa maso, m'dziko lomwelo, kampani ndiyo inalipira. Bambo a Phwiti anali ku ntchito ya misewu, akugona m'matenti, ndiye mwana ndinapita naye. Phwiti wa zaka zisanu, mano akutsogolo palibe.

Chipinda chapamwamba penipeni, denga lopendekeka, ndinkadzigunda mutu tsiku ndi tsiku. Eni nyumba mayi wachikulire, akukhala pansi ndi amuna awo amene sindinawaonepo, ndinkangomva wailesi. Makiyi mulu m'chiuno, pamasitepe unkawamva asanafike. Phwiti ndiye anawatcha Mayi Makiyi.

Kuzizira kutafika, makina otenthetsa nyumba anafa. Khoma la kumutu kwa bedi linada bii ndi nkhungu. Ndinanena. "Sabata yamawa." Ndinalemba kalata. "Sabata yamawa." Masabata asanu ndi awiri. Mwana akugona ndi jekete, chipewa, masokosi awiriawiri. Kenako chifuwa. Kenako chibayo, masiku anayi m'chipatala, kachubu m'mphuno.

Ndinasiya kulipira lendi. Miyezi iwiri yomaliza. Tsiku lochoka ndinasesa, ndinakolopa, makiyi ndinaponya pa kabowo ka makalata. Sindinatsanzike. Dipoziti anatenga iwo. Kenako maimelo: ndalama zanga, apo ayi tikaonana kukhoti. Sindinayankhe ngakhale imodzi. Mpaka lero ndikuti sindinalakwe.

Chinanso. Ndilembe ndithu. Phwiti atatuluka m'chipatala ndinakwera naye sitima, ola limodzi, kupita kwa achimwene. Nyumba yofunda. Chipinda chimodzi chosagonamo munthu, munali makatoni ndi njinga yolimbitsira thupi. Ndinapempha miyezi iwiri yokha. Anayang'ana pansi. "Kuno aliyense amasenza wake, mlongo." Anandipatsa ndalama ya kahita kakang'ono. Alamu anali kuntchito. Tinabwerera tsiku lomwelo, mwana akutsokomola pa mwendo panga njira yonse.

Loweruka, 8 Malichi

Kuchapa mmawa wonse. Sopo watha msanga. Nsapato za Phwiti za kusukulu zabooka kuphazi, mwezi uno ayi.

Ndatsegula imelo yakale ija, mawu achinsinsi ndakumbukira pa ulendo wachinayi. Pansi pa zotsatsa malonda zikwizikwi, maimelo atatu a Mayi Makiyi osatsegula. Yomaliza ili ndi mizere iwiri. Mapepala ndapereka ku khoti. Pepani kuti zafika pamenepa. Pambuyo pake zii.

Ndiye anaperekadi? Kapena kunali kungoopseza? Ngati khoti linandiitana, linatumiza kalata ku chipinda chimene ndinachokamo kale.

Ndafufuza pa intaneti mpaka maso kuwawa. Wina akuti nkhani ya lendi ndi ya anthu awiri, a viza saiona n'komwe. Wina akuti mnzake anakanizidwa zaka khumi. Wina akugulitsa thandizo. Aliyense ndi katswiri, palibe amene walemba dzina lake lenileni.

Bambo a Phwiti akusita malaya: "Iwe umayesa anthu maso tsiku lonse, koma imelo ya mizere iwiri yakutengera zaka zisanu ndi chimodzi kuti uiwerenge." Sindinaseke. Azindikira, abwera kudzandigwira pamapewa ndi manja otentha ndi simbi.

Lolemba, 10 Malichi

Kasitomala wa teni koloko: agogo ena, kalaliki wa kukhoti wopuma ntchito. Amabwera chaka ndi chaka, amakangana ndi tchati cha zilembo ngati mboni yabodza. Diso lamanzere ng'ala yayamba. Nditawaveka felemu yoyesera, sindikudziwa chandigwira, ndawafunsa. Ndati ndi nkhani ya mnzanga.

Ayankha felemu yachitsulo ili pamphuno. Akuti makhoti akunja sawadziwa, ndisawatenge ngati loya. Koma kulikonse mkangano wa lendi si mlandu wa polisi, palibe amene amamangidwa chifukwa cha khoma lankhungu. "Mnzanuyo asaope ngongole. Aope kabokosi. Ngongole amakhululuka, bodza la pa fomu amalisunga." Akuti kaye adziwe ngati chigamulo chilipo, munthu sayankha funso limene sakudziwa yankho lake. Mayiko ambiri ali ndi kaundula wa zigamulo, wina wa kumeneko akhoza kufufuza.

Potuluka, atalipira: "Mumuuze mnzanuyo adye. Waonda kuyambira chaka chatha." Nkhalamba iyi. Diso limodzi lokha, koma.

Ndiye kuti ndiwauze alamu. Zonse.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndinawauza dzulo. Za lendi zokha, za chipinda cha makatoni ayi. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Phwiti anagonekedwa m'chipatala? Kuno? Ife tili pompano?" Sanadziwe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaika m'thumba limodzi ndi amuna awo.

Lero afufuza m'kaundula, alipira okha. Dzina langa mulibe. Ndinapuma. Mphindi zisanu zokha. Kenako ndakumbukira kuti pa pepala la lendi Mayi Makiyi analemba dzina langa molakwika, zilembo ziwiri anazitembenuza, ndipo dzina la abambo analiika patsogolo. Sindinakonzetse, ndinkafuna makiyi basi. Alamu ayesa kutembenuza motere ndi motere, kufufuza kulikonse ndi ndalama. Palibe chotuluka. Nambala ya foni ya mayiwo inafa kale.

Chinthu chimene sindingauze munthu. Dzulo m'basi ndinadzipeza ndikuganiza kuti akandikaniza viza, si ine ndakana. Ndi boma. Ndidzalira nawo onse, manja anga oyera. Maganizo amenewo anandikomera pafupifupi siteji imodzi yathunthu. Kenako ndinakumbukira achimwene akundibereka kumsana kuwoloka ngalande popita kusukulu, nsapato zawo atazimanga m'khosi. Ndinatsika basi pa siteji yotsatira.

Loweruka, 15 Malichi

Alamu apita okha ku nyumba ija. Kuchoka kuchipatala, sitima ola limodzi, asanagone. Sindinawatume. Anangonditumizira chithunzi cha chitseko. Chobiriwira chomwe chija, penti akusupuka. Ndinakhala pa ndowa yochapira.

Mayi Makiyi alipo. Akuyenda ndi ndodo ziwiri, chipinda chapamwamba anatseka, masitepe sakwanitsanso. Awapatsa alamu tiyi. Atulutsa faelo ya pulasitiki.

Chigamulo chilipo. Khoti laling'ono la madandaulo, zaka zisanu zapitazo, ine kulibe. Lendi ya miyezi iwiri kuchotsapo dipoziti, kuphatikizapo ndalama ya khoti. Dzina lolakwika lomwe lija, lolakwikanso kawiri, chifukwa wotayipa anawonjezera chilembo chake. Mayiwo sanatsatirenso, akuti akanazitenga kuti kwa munthu wa kutsidya la nyanja.

Alamu ajambula pepalalo. Ndalikulitsa pa foni. Dzina la munthu amene kulibe, adiresi yanga, miyezi yanga.

Achimwene sabata ino akusanza chilichonse. Alamu akuti achimwenewo asiya kufunsa za viza. Anangoti, "Musamukakamize."

Lolemba, 17 Malichi

Ndawaonetsa a Kazembe pepalalo. Aliwerenga, aseka mpaka tayi kugwedezeka. "Ndiye mukudandaula chiyani? Uyu si inu. Kompyuta imafufuza zilembo, siifufuza mtima." Akuti ndikalemba Inde fomu imachoka pa mulu wa msanga kupita pa tebulo la munthu, ndipo munthuyo akhoza kukhala pa tchuthi. Masabata atatu asanduka asanu ndi atatu. "Achimwene anu ali nawo masabata asanu ndi atatu?"

Si munthu woipa. Walembera anthu mazanamazana. Ndipo mwina akunena zoona.

Ayi: msanga, koma akagwira, chitseko chatsekeka, achimwene atsala opanda wina. Inde: choonadi, koma mwina mochedwa. Mbali zonse ziwiri munthu yemweyo ali pa bedi.

Kunyumba takangana. Bambo a Phwiti akuti ndilembe Ayi. Iwo amene amabweza chenji akapatsidwa chochuluka. "Moyo wa munthu ndi kabokosi, chachikulu ndi chiti?" Ndati nanga akagwira, adiresi ndi yomweyo imene ndalemba pa funso la 17. Kenako akuti vuto langa si fomu, ndi loti kulemba Inde kuli ngati kuvomera kuti ndinalakwa. Ndamenyetsa chitseko cha kabati, mbale imodzi yasweka. Ya maluwa ija.

Amandidziwa mopitirira muyeso bambo ameneyu.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndalankhula nawo Mayi Makiyi. Alamu anasiya nambala yanga, mdzukulu wa mayiwo anawalumikizira foni ya kanema. Ine m'kachipinda kodulira magalasi, chitseko chotseka, makina nditazimitsa.

Achepa. Tsitsi mbuu, juzi ziwiri. Ndinali nditakonza mawu usiku ndi usana, masiku, madeti a makalata anga, dzina la chipatala. Iwo funso loyamba: "Kamtsikana kaja kali bwanji?" Ndati ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, amathamanga mpikisano kusukulu. Atseka maso.

Afotokoza osafunsidwa. Nyengo yozizira ija amuna awo anali atagona pansipo, sitiroko, osalankhula. Wailesi ija inali yoti asamve kuti ali okha. Wokonza makina anatchula mtengo woposa lendi ya miyezi inayi. Lendi yanga ndiyo inali chakudya chawo ndi matewera a bamboyo. Nawonso ankagona ndi makhoti. Bamboyo anamwalira patatha mwezi ine nditachoka. Ku khoti anapita chifukwa anali wokwiya ndi dziko lonse, ndipo ine ndekha ndi amene ndinali ndi dzina loti n'kulemba pa pepala.

Kenako: "Ndinkamumva akutsokomola. Denga lija ndi lopyapyala. Ndinkamumva, ndinkakweza wailesi."

Sindikudziwa chimene ndinayankha. Mkwiyo unabwera wonse, watsopano ngati wa dzulo. Ankamva. Ndipo pomwepo chisoni, chifukwa palibe amene anawakakamiza kunena zimenezo. Ndinati akanandiuza. Anati anali ndi manyazi. Ndinati nanenso ndikanatsanzika. Ndi zokhazo zimene ndinapepesa, ndipo ndi zokhazo zimene ndikupepesa.

Tagwirizana. Ndipereke theka, theka asiya. Alemba kalata yoti nkhani yatha, mdzukulu akapereka ku khoti. Anafuna kusiya zonse. Ndakana, ndaona juzi ziwiri zija.

Kasitomala wagogoda kufuna magalasi ake. Ndatuluka maso ofiira, ndati ndi fumbi la makina.

Lachinayi, 20 Malichi

Abwana andipatsiratu malipiro a mwezi wamawa. Ndatumiza. Mtengo wotumizira wokha, nsapato za Phwiti zikanagulidwa.

Ndamufunsa Phwiti ngati akukumbukira kunja. Akuti amakumbukira masitepe, ndi mayi wina amene ankamupatsa bisiketi kuchokera m'thumba la epuloni ine ndikakhala kusukulu. Za bisiketi sindinadziwepo. Chipatala sakumbukira n'komwe.

Lolemba, 24 Malichi

Ndalemba Inde.

A Kazembe apukusa mutu, koma andithandiza kulemba kalata yofotokoza, ndipo sanandilipiritse tsamba lowonjezera. Ndinalemba masamba atatu, nkhungu, chibayo, zonse. Adula mpaka mizere khumi ndi iwiri. "Mayi, awa safuna kudziwa wolakwa. Akufuna kudziwa ngati zinatha." Zandiwawa kuona nkhungu yanga ikufufutidwa. Taphatikiza chigamulo, risiti, kalata ya Mayi Makiyi. Pa kalatayo dzina langa alilemba molondola, chilembo chilichonse, m'zilembo zikuluzikulu ngati mwana wa sukulu.

Ku ofesi yolandira mafomu: mzere kuyambira pa geti, foni kusiya kwa alonda, mipando yapulasitiki yomangirirana. Nambala yanga 63. Mayi wa pafupi nane akupita kukaona mdzukulu woyamba, wanyamula faelo yonenepa ngati pilo. Zala pa galasi, chithunzi, osamwetulira. Mtsikana wa pa windo watembenuza mapepala anga, waima pang'ono pa chigamulo, waika m'envulopu. Ndafunsa ngati zichedwetsa. "Ife timangolandira, mayi." Ndamuonetsa kalata ya chipatala, wamata kapepala kachikasu pamwamba. Tanthauzo lake sindikudziwa. Ndakhala ndikukaganizira kapepala kameneko tsiku lonse.

Kubwerera wopanda pasipoti, chikwama chopepuka modabwitsa.

Bambo a Phwiti agula mbale ina. Yosafanana ndi zinzake. Sananene kanthu, angoiika pa mulu.

Lachisanu, 28 Malichi

Achimwene aimba. Okha, osati kudzera mwa alamu. Ndinali pa siteji ya basi, phokoso, ndinalowa m'khonde la shopu ya matayala.

Mawu ang'onoang'ono, ngati a munthu wolankhulira m'botolo. Afunsa za mvula, za Phwiti, ngati denga la nyumba ya malemu amayi linakonzedwa. Ndayankha zonse. Ndimamva makina akulira pii, pii kumbali kwawo.

"Alamu ako andifunsa za chipinda chija." Ndati ee. Akuti nthawi imeneyo mapepala awo okhalira m'dzikomo anali asanatuluke, eni nyumba sankalola anthu owonjezera, ankaopa chilichonse, ngakhale kugogoda kwa wa positi. Akuti si chifukwa chokwanira. Akuti anatiperekeza ndi maso pa windo mpaka tinakhota, ndipo njinga ija sanaikwerenso.

Ndinkadikira liwu limodzi lija, loti pepa. Silinabwere. M'malo mwake: "Ukapanda kubwera, sindidzakuimba mlandu." Ndati musandiuze zochita, fomu ndatumiza kale, ndalama zake sabweza. Aseka, kuseka kwasanduka chifuwa. Nesi walanda foni.

Basi ziwiri zandidutsa ndili chiimire. Mwini matayala wanditulutsira mpando.

Lachinayi, 3 Epulo

Palibe. Imelo ndikutsegula kakhumi pa ola. Mayi wa mdzukulu uja, tinapatsana manambala, yake yatuluka dzana. Ndamuyamikira ndi mtima wonse umene ndinakwanitsa kupeza.

Alamu akuti madokotala akufuna deti. Sangayambe kukonzekeretsa thupi la achimwene ine ndisanatsike ndege, akayamba palibe kubwerera. Zikapitirira pakati pa mwezi, ayambiranso mankhwala ena, ndipo thupi latopa.

Ndadutsa pa shopu ya a Kazembe, ndawoloka msewu kuti asandione. Mwina anali olondola. Mwina ndagula mtima woyera ndi masiku a munthu wina.

Ndalakwitsa magalasi a kasitomala, lamanja kumanzere. Zaka khumi ndi zinayi sizinandichitikirepo.

Lachiwiri, 8 Epulo

Meseji mmawa: bwerani mudzatenge. Sanena ngati ndi inde kapena ayi. Bambo a Phwiti ajomba kuntchito, andiperekeza, akhala panja pa geti ndi foni zonse ziwiri.

Envulopu yapulasitiki yosang'ambika. Ndalimbana nayo ndi mano pamaso pa alonda. Tsamba 9, viza. Chithunzi changa chokwiya chija, miyezi isanu ndi umodzi. Palibe kalata, palibe funso, palibe liwu limodzi lonena za lendi. Kaya anawerenga, kaya sanawerenge. Sindidzadziwa ngati Inde uja anandichedwetsa kapena anandipulumutsa, kapena sanachite chilichonse.

Bambo a Phwiti atenga pasipoti, aiyang'ana mozondoka, aibweza, ayang'ana kumwamba nthawi yaitali. "Dzuwa ili," akutero, akupukuta m'maso.

A Kazembe, nditawaonetsa: "Ndinadziwa ine. Kalata ija ndinaidula bwino."

Tikiti alamu agula, Lachisanu. Masiku atatu. Yunifolomu ya Phwiti, mankhwala a abambo ake a magazi, ndani azikumbutsa. Jekete lakale lija lili pansi pa sutikesi, likununkha chinyezi. Ndalembera Mayi Makiyi mzere umodzi kuti zatheka. Ayankha mdzukulu, chithunzi cha chala chachikulu.

Tsopano ndiye mantha enieni ayamba. Singano.

Lachitatu, 16 Epulo

Masiku asanu kuno. Sindinalembe, manja anali otanganidwa. Pa bwalo la ndege anandifunsa mafunso awiri okha, chipatala chiti, mubwerera liti.

Kuyezedwa, kuyezedwanso. Jakisoni pamimba mmawa uliwonse, lero wachinayi. Akuti amachititsa mafupa kutulutsa zimene zikufunikazo kuti zilowe m'magazi. Msana ukuwawa, chiuno, mpaka nsagwada, ngati malungo opanda kutentha thupi. Lero makina osefa zimenezo m'magazi anga. Maola asanu, mikono yonse iwiri, osapinda. Alamu andinyamulira masokosi aubweya ndi nthochi.

Achimwene ali m'chipinda chosalowa anthu. Kuwaona ndi pagalasi, kulankhula ndi pa kafoni ka pakhoma. Tsiku loyamba ndinadutsa chipindacho, ndinaona nkhalamba, ndinapitirira. Alamu anandikoka mkono. Tsitsi palibe, nsidze palibe, makutu atuluka. Nkhope ya malemu abambo m'mwezi wawo womaliza.

Anatenga kafoni ndi manja awiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wanenepa." Ndati inu mwatha, wina ayenera kusunga ulemu wa banja. Alamu anapita kukafuna madzi amene sankawafuna.

Magalasi awo ankangotsetsereka, nkhope yachepa, mphindi iliyonse akuwakankha ndi chala. Sindinapirire. Dzulo ndinapempha nesi awatulutse. Felemu yakale, mikono yatambasuka, timapilo ta pamphuno tasanduka tobiriwira. Ndinaviika mikonoyo m'kapu ya madzi otentha a tiyi, ndinaipinda pang'onopang'ono kuseri kwa khutu, ndinafinya pamphuno. Nesi anawapukuta ndi mankhwala, anawabwezera. Anavala. Anagwedeza mutu uku ndi uku, magalasi osasuntha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, bwinobwino, mwina koyamba chibwerereni, mwina koyamba kuyambira kalekale. Anatenga kafoni, anatsegula pakamwa. Ndinapukusa mutu. Ndinati sungani mphamvu, mudzanena mukatuluka, ndipo mudzanena mokweza, alamu ali pomwepo.

Anavomera ndi mutu.

Bambo a Phwiti atumiza chithunzi, tsitsi la mwana alimanga okha. Tsoka ilo. Ndiwaimbire ndikamaliza, ndiwauze apite naye kwa

Akuitana dzina langa. Alitchula molakwika, koma ndi ine.